Nsalu Yoyera Pabwalo: Mbiri ya Kuonera Kanema M'Malawi

Dziko la Malawi lidakhala lopanda wailesi yakanema mpaka mu 1999, pomwe Television Malawi idayamba kuulutsa. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe n'kuti ali nayo kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Choncho Mmalawi aliyense amene lero wamera imvi adayamba kuona zithunzi zoyenda kunja kwa nyumba ya makolo ake: pabwalo la mpira, pamsika, m'holo ya pamishoni kapena m'kachisakasa ka kuseri kwa golosale. Sadaonere yekha. Adaonera ali pakati pa chinamtindi cha anthu, wina akumuponda phazi, wina akumufotokozera zomwe zikuchitika asadafunse n'komwe. Mbiri ya kanema kwathu kuno ndi mbiri ya khamu limeneli, ndiponso ya munthu uja amene m'badwo uliwonse amapezeka pambali pa chithunzi n'kumachiyankhulira m'chinenero chathu.

Oyamba kuona kanema adakamuonera kutali. Adali amuna opita kukagwira ntchito ku Joni, ku Wankie, ku Salisbury ndi kumigodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Ku Johannesburg, mmishonale wa ku America dzina lake Ray Phillips adayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a m'migodi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Eni migodi adamuthandiza ndi ndalama, podziwa kuti mwamuna amene wakhala pansi kuseka Charlie Chaplin sapita kukamwa, kukamenyana kapena kukamva za sitalaka. Mchitidwewu udakwera kumpoto mpaka ku Copperbelt, kumene mafilimu a anyamata oweta ng'ombe a ku America, a zipewa zazikulu ndi mfuti m'chiuno, adatenga malo. Hortense Powdermaker, mayi wa ku America amene adachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, adalemba m'buku lake la Copper Town kuti oonera ankatchula ngwazi ya filimu iliyonse kuti Jack, kaya akusewera ndi ndani, ndipo Jack akayamba ndewu anthu ankaimirira, kukuwa ndi kuponya zibakera m'malere. Chingerezi cha m'filimumo chinkamira m'phokoso. Nkhani ankailuka okha.

Agogo anga aamuna adagwirako ntchito ku Wankie, ndipo mpaka kumwalira kwawo sadatchulepo dzina la filimu ngakhale imodzi mwa zomwe adaonera. Ankangoti bayisikopo. Koma hatchi yoyera imene idalumpha chigwembe ankaikumbukira, ndi munthu amene adagwa kuchokera padenga atawomberedwa. Ankatifotokozera madzulo pakhonde, akuimirira ndi kupinda zala ngati mfuti, agogo aakazi akupukusa mutu ndi kunena kuti, "Abambo a kunyumba kuno, anawa akagone." Midzi yambiri ya m'dziko muno idayamba kumva kanema m'makutu, kudzera mwa obwera kumigodi ngati amenewa, zaka zambiri isadamuone ndi maso.

Kanema wofika pamudzi penipeni adabwera ndi amishoni ndi boma la atsamunda, ndipo adabwera kudzaphunzitsa. Pakati pa 1935 ndi 1937, bungwe la International Missionary Council, pogwiritsa ntchito ndalama za Carnegie Corporation ya ku New York, lidayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Akuluakulu ake, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, adamanga msasa ku Vugiri m'dziko la Tanganyika n'kujambula mafilimu 35 onena za kusunga ndalama ku positi ofesi, ubwino wa msonkho, kasamalidwe ka zikopa, kukokoloka kwa nthaka ndi zina zotero. Mawu ankawajambula padera pa mbale za galamafoni, m'zinenero zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Lole yonyamula injini, makina ndi nsalu idayenda mpaka kufika kuno ku Nyasaland. Ndalama zitatha ntchitoyo idathera pomwepo, koma njira idali itatsegulidwa.

Mu 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kuti izijambula mafilimu a anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Ankaitsogolera ndi Alan Izod ndi Stephen Peet. Nkhani zake zambiri zinkayenda mzere umodzi. Pali alimi awiri. Woyamba amamvera mlangizi, amathira manyowa, amalima mizere yopingasa, mapeto ake nkhokwe yadzaza ndipo m'nyumba mwalowa katundu watsopano. Wachiwiri amanyoza malangizo, amagona pamthunzi, amamwa mowa, mapeto ake njala. The Two Farmers idali yotero. Mulenga Goes to Town inkachenjeza anyamata kuti kutauni n'kwa akathyali, munthu akhale kumudzi. Opanga mafilimuwa ankakhulupirira kuti Mwafirika sangatsate chithunzi chothamanga, choncho ankachedwetsa zonse mwadala. Chikhulupiriro chimenecho chidali chipongwe, pakuti anthu omwewo kumigodi ankatsata Jack akuthamangitsa sitima ali pahatchi, osasokonezeka.

Mafilimu oyambirira a bungweli adali opanda mawu. Ndiye ndi galimoto iliyonse yoonetsa kanema pankayenda Mwafirika wogwira chimkuzamawu, ntchito yake kufotokozera khamu zomwe likuona. Ankapatsidwa pepala la zoti anene. Koma pabwalo pali mdima, mzungu woyang'anira nthawi zambiri palibe, ndipo akakhalapo chinenero sachimva bwino. Womasulirayo ankadziwa kuti akangowerenga pepala anthu ayamba kuwodzera, motero ankathira mchere: apa mwambi, apa nthabwala, apa dzina la pamudzi lopatsidwa kwa munthu wa pansalu. Mlimi waulesi uja, amene opanga filimu ankafuna kuti anthu amunyoze, nthawi zambiri ndi amene ankasekedwa mwachikondi. Munthu wa chimkuzamawu ameneyu mabuku samutchula dzina, koma ine ndimamuyesa kholo la zonse zimene zadzachitika pambuyo pake m'kaonedwe kathu ka kanema.

Chikondi cha anthu pa galimoto za kanema chidazilala chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953. Mizere imene nsalu inkatamanda ndi yomweyo imene anthu ankalipitsidwa nayo chindapusa kapena kumangidwa pansi pa malamulo a malimidwe. Chaka chomwecho Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu idauza anthu ake kuti asamvere malamulowo, boma n'kuichotsa pampando. Bungwe lojambula mafilimu lija litalowa m'manja mwa boma la chitaganya, lidayamba kutulutsa nkhani zotamanda chitaganyacho, ndipo anthu adazindikira msanga kuti kanemayu wasanduka mlomo wa omwe akuwakana. Bungwelo lidatha pamodzi ndi chitaganya mu 1963.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silidataye galimoto ndi nsalu. Lidangosintha zoonetsa. Nthambi yofalitsa nkhani idali ndi ojambula ake otsata Kamuzu kulikonse, ndipo unduna wa zamalimidwe udali ndi Extension Aids Branch, nthambi yomwe inkasindikizanso magazini ya Za Achikumbi, ndi galimoto zake zachikasu zoyenda m'midzi. Apa ndi pamene mbiriyi ikundipeza ine, mwana wa pasukulu ya pulaimale m'boma la Ntcheu m'zaka za m'ma 1980.

Galimotoyo inkafika dzuwa likupendeka, fumbi lili koboo m'mbuyo mwake, chimkuzamawu padenga chikulengeza kuti madzulo ano kuli kanema pabwalo la sukulu, kulowa ulere. Ntchito zonse zinkathera pomwepo. Mbuzi zinkalowa m'khola nthawi isadakwane, nsima inkaphikidwa kukadali kowala, ndipo ife ana tinkadya chiimirire. Masana ankayamba ndi zidole zoyankhula, zotuluka pakazenera kumbuyo kwa galimoto, zikukangana za feteleza ndi ngongole za kukalabu. Kenako ankamanga nsalu yoyera, n'kukoka chingwe cha injini. Kulira kwa injini ija, ndi fungo la petulo losakanikirana ndi la mtedza wokazinga umene amayi ena ankagulitsa m'mbale, mpaka lero ndikazimva mtima umandidumpha. Mdima ukagwa, kuwala kunkatuluka m'makina n'kudutsa pamwamba pa mitu yathu, agulugufe ausiku akuuluka m'menemo. Ana olimba mtima ankatukula manja kuti aone mthunzi wa zala zawo pansalu, akuluakulu n'kuwakalipira. Ochedwa kufika ankakhala kuseri kwa nsalu n'kumaonera chithunzi chotembenuka, ndipo sankadandaula.

Poyamba pansalu pankabwera Ngwazi Kamuzu, litchowa m'manja, akuyendera minda, amayi a mbumba akuvina. Kenako filimu ya mchikumbe wopopera thonje kapena wobzala chimanga cha makono. Anthu ankaonera ulimi umenewo ndi maso a alimi. Ndimakumbukira bambo wina wachikulire atakhala pafupi nane akung'ung'udza kuti, "Munda umenewo ngwa kudimba, asatinamize." Mnzawo adawagwira bondo kuti atsitse mawu, poti nthawi imeneyo mawu ankayenda usiku. Koma pamene pansalu padaoneka ng'ombe ziwiri zonenepa zikukoka ngolo, bwalo lonse lidachita phokoso la kusirira, ndipo m'mawa mwake nkhani kuchitsime idali ya ng'ombezo. Nthawi zina injini inkazima filimu ili pakati. Palibe ankanyamuka. Tinkakhala mumdima tikuimba mpaka dalaivala akonze.

Nsalu ina inkabwera ndi a mpingo. Filimu ya Yesu, yomwe idatuluka mu 1979 potsata Uthenga wa Luka, idamasuliridwa m'Chichewa, ndipo sindikhulupirira kuti pali filimu ina imene Amalawi ambiri adaionerapo kuposa imeneyi. Usiku umene idafika kwathu, chodabwitsa choyamba chidali kumva mzungu watsitsi lalitali akuyankhula Chichewa chosalala. Ana tidaseka pang'ono, kenako tidaiwala. Itafika nthawi ya misomali, amayi adayamba kulira maliro enieni, ena atafunda chitenje kumutu, ena akutchula mayina a abale awo omwe adatisiya. Mnyamata wina adatola mwala kuti agende msilikali wa Chiroma, akuluampingo n'kumugwira dzanja. Agogo anga aakazi, amene adakhala akumva nkhaniyi m'tchalitchi moyo wawo wonse, adayenda njira yonse yobwerera osayankhula, ndipo titafika pakhomo adangoti, "Kani adamuzunza chonchi." Kuyambira tsiku limenelo sindidakayikenso mphamvu ya chithunzi choyankhula chinenero cha munthu.

M'tauni mudali nyumba za kanema zenizeni, zamipando ndi matikiti. Yotchuka idali Apollo ku Blantyre. Achimwene anga, amene ankagwira ntchito m'tauni, adanditengerako pa tchuthi nditavala yunifolomu ya sukulu, chifukwa ndiyo idali chovala changa chabwino. Filimu isadayambe tonse tidaimirira, nyimbo ya fuko ikulira, pansalu Kamuzu akubayibitsa anthu. Umo ndi mmene zinkakhalira m'nyumba za kanema nthawi imeneyo. Filimu iliyonse inkayamba yadutsa ku Censorship Board, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968 la Censorship and Control of Entertainments Act. Lumo lawo linkadula umaliseche, ndale zokayikitsa, ngakhale kupsompsonana. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, chithunzi chinkadumpha, mwadzidzidzi n'kupezeka kwacha, awiriwo akumwa tiyi. Holo yonse inkaimba likhweru. Achimwene adandinong'oneza kuti, "Mphwanga, apa adula." Anthu adaphunzira kuwerenga mabala a filimu ndi kudzaza okha zomwe zachotsedwa. Makaseti a vidiyo atayamba kulowa m'dziko, nawonso ankayenera kupita kubungwelo kuti akaonedwe ndi kumatidwa chizindikiro.

Koma kaseti ndi kanthu kolowa m'thumba la jekete. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, vidiyo idasefukira moti palibe bungwe likadatha kuilondola. Nyumba zazikulu za kanema zidayamba kuchepa anthu mpaka kutsekedwa, ndipo m'malo mwake mudamera mavidiyo shoo: ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale, kwa Chinsapo, ku Chibavi, ndi pa malo alionse a malonda pomwe pafika magetsi kapena pali batire ya galimoto. Kachipinda ka matabwa kapena ka zidina zosawotcha, mazenera otsekedwa ndi mapepala akuda, mabenchi a mapulanga okhomera pa zichiri, kutsogolo sikirini yaing'ono ndi deki pamwamba pa tebulo. Panja pankakhala sipika yokwezedwa mpaka kumapeto kuti kulira kwa mfuti kuitane odutsa, ndi bolodi yokhomapo zikuto za makaseti, nthawi zake zitalembedwa ndi choko. M'katimo munkatentha, mukununkha thukuta ndi zitumbuwa. Tinkalowa ndi matambala opeza potunga madzi a eni tiyirumu kapena kugulitsa mabotolo. Wopanda ndalama ankasuzumira pa kabowo ka thabwa mpaka mwini vidiyo amuthire madzi.

Ngwazi zathu zidali Bruce Lee, Jackie Chan, Chuck Norris, Jean-Claude Van Damme, Sylvester Stallone amene tonse tinkangomutcha Rambo, ndi Arnold Schwarzenegger amene dzina lake lidatikanika n'kungoti Komando. Wamkulu wa filimu tinkamutcha mwini filimu, ndipo lamulo tonse tinkalidziwa: mwini filimu safa. Amenyedwe chotani, amangidwe ndi unyolo, amuphere mphunzitsi wake, adzadzuka basi, akaphunzira kumapiri, n'kubwera kudzabwezera. Chingerezi sitinkachimva, Chitchaina ndiye ayi, koma pabenchi iliyonse pankakhala mnyamata amene filimuyo waionera kambirimbiri. Ameneyo ndiye adalowa m'malo mwa womasulira wa pagalimoto uja. "Uyu ndi mng'ono wake wa uja adaphedwa poyamba. Apa akumuuza kuti mawa tikumane kudoko. Taonani, taonani, akubwera kumbuyoko!" Ena ankamukalipira kuti akuwononga filimu, koma akakhala chete ankamufunsanso kuti, "Aise, apa akuti chiyani?" Nditadzaphunzira Chingerezi ndidaoneranso mafilimu ena mwa amenewa, ndipo ndidapeza kuti nkhani ya mnyamata wa pabenchi nthawi zina inkasiyana ndi ya eni ake, koma yake ndi imene idatikhala mumtima. Tikatuluka, dambo lonse linkasanduka bwalo la karate, timitengo tiwiri tolumikiza ndi chingwe tikuzungulira m'khosi.

Zoipa zake zidaliponso, ndipo makolo amene ankadana ndi malowa sadali opusa. Ana ankathawa m'kalasi n'kukabisala m'vidiyo tsiku lonse. Ndalama za chigayo zinkasowa m'nyumba. Usiku eni ena ankaika mafilimu olaula osayang'ana msinkhu wa omwe akhala pabenchi, ndipo pali ana amene adaona zinthu zomwe sadayenere kuona pa msinkhu wawo. Atsikana ambiri sankaloledwa kuyandikirako, choncho chisangalalo chimenechi kwa zaka zambiri chidali cha anyamata okha, pomwe kanema wa pabwalo uja adali wa mudzi wonse, kuyambira khanda la kumsana mpaka nkhalamba ya ndodo.

Chomwe chidalowetsa amayi m'vidiyo, mmene ndidaonera ine, ndi Neria. Filimuyi idatuluka ku Zimbabwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake adalemba ndi Tsitsi Dangarembga, adaitsogolera ndi Godwin Mawuru, ndipo Jesesi Mungoshi ndiye adasewera Neria, Oliver Mtukudzi n'kukhala mlongo wake. Mwamuna wa Neria amwalira pangozi, mchimwene wa malemuyo n'kubwera kudzatenga galimoto, buku la kubanki, katundu wa m'nyumba, mpaka ana. Idatipeza nthawi imene Edzi inkatha anthu, maliro ali tsiku ndi tsiku, ndipo kulanda chuma cha masiye kudali nkhani ya pakhomo lililonse. Ndidaionera m'kachipinda kodzaza amayi obwera kumsika, madengu ali pamiyendo. Panalibe wofotokozera tsiku limenelo, chifukwa panalibe chofuna kufotokoza. Mlamu uja akunyamula katundu, mayi wina kumbuyo kwanga adakuwa kuti, "Ndi achimwene awo a malemu bambo a kwathu amenewo, ndendende!" Neria atapambana kukhoti, nthungululu idamveka mpaka kumsewu. Lamulo lathu la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, lomwe limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, lidadza mu 2011, koma amayi a m'kachipinda kaja adali ataweruza kale mlanduwo. Sarafina! ya mu 1992, ya Leleti Khumalo ndi ana asukulu a ku Soweto, idatigwiranso chimodzimodzi, pakuti idafika ife titangoponya voti ya riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo kwa zaka zingapo panalibe sukulu ya sekondale yopanda gulu lovina ngati ana a m'filimuyo.

Zaka za m'ma 2000 zidabwera ndi madisiki otsika mtengo ndi mafilimu a ku Nigeria. Amenewa sadavute kulowa, chifukwa zomwe ankakamba ndi zomwe timakamba: apongozi ankhanza, mkazi wosabereka, chuma chokhwimira, m'busa wolimbana ndi mfiti, mwana wa kumudzi wosochera m'tauni. Patience Ozokwor adadedwa m'makomo ambiri ngati kuti ndi mnansi weniweni, Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme adasanduka Aki ndi Pawpaw a mwana aliyense, ndipo matelala adayamba kulandira maoda a masitayilo a Chinaijeriya. Kanema adalowa m'nyumba. Komabe khomo limene lagula sikirini linkadzaza ana a mzere wonse, atakhala pansi, nsapato zili mulu pakhonde.

Kenako padatulukira anyamata a makompyuta amene anthu amawatcha ma DJ. Amatenga filimu ya ku China, ku India, ku Korea kapena ku America, n'kutsitsa mawu a eni ake, n'kuikapo awo m'Chichewa. Munthu mmodzi amayankhulira mfumu, kapolo, mkazi ndi mwana. Msilikali wa ku Hong Kong amapatsidwa dzina la ku Mulanje, mzinda wa New York umasanduka Limbe, ndipo pakati pa nkhondo DJ amatha kupereka moni kwa anzake a kumsika. Ku Uganda ndi ku Tanzania ntchito yotereyi iliponso. Mafilimuwa amagulitsidwa m'timashopu tobena nyimbo, poyamba pa disiki, tsopano pa memori khadi ndi fulashi. Madandaulo alipo ndipo ngomveka: ntchitoyi imaphwanya malamulo a umwini wa luso amene bungwe la COSOMA limayang'anira, ndipo ma DJ ena amatukwana zosayenera kumva ana. Koma amene amati anyamatawa angowononga mafilimu sadayang'ane kumbuyo. Iwowa ndi zidzukulu za womasulira wa 1948 ndi ana a mnyamata wa pabenchi. Azindikira chinthu chimene a mpingo adachidziwa ndi filimu ya Yesu, kuti Mmalawi amafuna chithunzi chimuyankhule. Mayi anga, amene sadapite patali ndi sukulu, adayamba kutsata filimu kuyambira poyamba mpaka pothera chifukwa cha ma DJ amenewa.

Zaka zonsezi tinkaonera nkhope za eni. Zathu tidayamba kuziona mochedwa. Television Malawi idabweretsa Tikuferanji, sewero la Michael Usi ndi anzake, kuchoka pawailesi kufika pasikirini. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Tawonga Nkhonjera adapanga B'ella, Joyce Mhango Chavula adapanga Lilongwe, yomwe mu 2016 idapata mphoto ya filimu yopambana ya kummwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards, ndipo Gift Sukez Sukali adabwera ndi Fatsani. Nditaona koyamba nyanja yathu pansalu yaikulu mu The Last Fishing Boat, bwato ndi ukonde ndi asodzi oyenda mayendedwe odziwika, misozi idalengeza m'maso. Koma ndidaonera m'holo ya mumzinda, pakati pa anthu ovala masuti amene tidakwanitsa kugula tikiti. Asodzi a ku Mangochi, eni nkhaniyo, sadalimo.

Chimodzimodzi ndi The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndi njala ya 2001 mpaka 2002. Idajambulidwa konkuno, mbali yaikulu ya zoyankhula zake ndi Chichewa, ndipo dziko lonse lapansi lidaionera pa Netflix. Amalawi adatsutsana kwambiri za katchulidwe ka Chichewa ka osewera ochokera kunja, ndipo mtsutsowo udali wabwino, chifukwa udaonetsa kuti chinenero chathu timachitchera khutu. Koma ndi angati kumudzi, amene njalayo adaiona ndi maso ndi kuika abale awo m'manda, angathe kugula bandulo yokwanira filimu ya maola awiri? Ambiri amene adaionera adaipeza kwa obena, pa foni, aliyense payekha.

Vuto lathu lero lagona pamenepa. Atsamunda, amene ankatiyesa ana, adanyamula injini ndi nsalu mpaka kumidzi ya kutali kuti atiuze zolima mizere. Boma la chipani chimodzi lidachita chimodzimodzi kuti tione Ngwazi. Ife amene tsopano tili ndi nkhani zathuzathu, zojambulidwa ndi ana athu m'chinenero chathu, tikuzisiya zithere m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre usiku umodzi wokhazikitsa, kenako zikagone pa YouTube. Mavidiyo shoo amene atsala ambiri asanduka oonetsa mpira wa ku England. Pulojekita ya masiku ano ndi yaing'ono, imayaka ndi batire ya sola, ndipo imakwera pa kabaza. Mabwalo a sukulu alipo, maholo a mipingo alipo, ndipo anthu sadasiye kukonda kusonkhana.

Pempho langa likupita kwa opanga mafilimu, makhonsolo a maboma, aphunzitsi aakulu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Gwirizanani mitengo yoti wopanga filimu apezepo kangachepe ndipo mlimi athe kulipira, ngakhale ndi mbale ya chimanga. Itanani ma DJ aluso muwalembe ntchito yomasulira mwalamulo, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe ndi m'Chisena. A National Archives ku Zomba atulutse mafilimu akale omwe akusunga, akaonetsedwe m'maboma momwe adajambulidwa, anthu akaone agogo awo akuvina ndi kulima adakali anyamata ndi atsikana. Ndipo inu owerenga amene muli ndi makolo omwe adaonera bayisikopo kumigodi kapena kanema wa galimoto yachikasu, khalani nawo pansi sabata ino, muwafunse zomwe adaona, mulembe.